Nyimbo ya ku Romania koma ikumveka ngati ya ku Turkey, zikutheka bwanji?

Achimwene ena anditumizira imelo, akuti apeza nyimbo ya mayi Romica Puceanu pa YouTube, palembedwa kuti ndi ya ku Romania koma iwowo akumva ngati ya ku Turkey, ndiye akufunsa ngati woiikayo sanaphonye.

Sanaphonye achimwene, komanso khutu lanu lili bhobho. Zimenezo ndi nyimbo za ma lăutari, oimba aganyu a m'matauni, ambiri mwa iwo a mtundu wa Roma (omwe ena amawatchula kuti ma Gypsy, osati a ku Rome). Wallachia ndi Moldavia, madera amene anadzapanga Romania, ankalambira sultan wa Ottoman, mfumu ya ku Turkey ya nthawi imeneyo, ndipo kuyambira cha m'ma 1711 mpaka 1821 sultan ankachita kuwatumizira yekha olamulira, Agiriki a ku Phanar mu Istanbul. Akuluakulu amenewa ankabwera ndi zonse, zovala, khofi, mpaka nyimbo za kunyumba yachifumu, basi mabwana akomweko nawo kuyamba kutengera.

Nanga oimba pa maphwandopo anali ndani? Ambiri anali akapolo, eti, ukapolo wa a Roma ku Wallachia unadzatha mu 1856. Ndiye bwana akati ndikufuna za ku Istanbul iwe umaphunzira basi, ndi khutu, popanda pepala, kenako n'kuphunzitsa mwana wako. Oimba omwewo ndi amene ankaimbanso pa maukwati ndi m'mabala a m'mizinda ya Bucharest ndi Iași, apo ndi pomwe zachifumu zija zinasakanikirana ndi magule akumudzi.

Kaimvereninso bwinobwino. Mawu a Romica sakhazikika pamodzi, amatsetsereka, kunjenjemera, kuchedwa dala kenako kudzakumana ndi gulu kutsogolo, kukometsera kumeneko ndi kumene kwakukumbutsani Turkey. Pansi pake pali chinachake chikulira ngindingindi osapuma, ndi țambal imeneyo, bokosi la nsambo zambirimbiri lomwe amamenya ndi timitengo tiwiri. Kale ntchitoyi inali ya cobza, kagitala ka mimba yaikulu ndi khosi lalifupi lopindikira kumbuyo. Akodiyoni yabwera mochedwa.

Mukamasaka mukumana ndi manele, za masiku ano za kiyibodi, zinachokera kumodzi koma ine sizindigwira mtima ngati zakalezi. Sakani woimba wina, mayi Gabi Luncă, komanso Toni Iordache pa țambal, bambo ameneyo manja ake ankathamanga zoopsa. Mukamva mudzandiuze.