Goloboyi wodikira sangodzaza benchi

Achimwene ena okhala ku Winnipeg, ku Canada, andilembera kuti anzawo akuntchito awapempha akhale goloboyi wapadera mu timu yawo ya hoki ya pa ayezi. Akufunsa ngati n'kwanzeru kugula zida zodula chonsecho mwina sadzalowa n'komwe m'bwalo.

Achimwene, funso lanuli landifika pamtima. Ine ndili ku sekondale ndinakhala pa benchi zaka ziwiri, goloboyi wachiwiri wa mpira wamiyendo. Ntchito yanga inali yonyamula chidebe cha madzi. Ndinagwa ulesi, n'kusiya kupita kokonzekera. Tsiku lomwe mnzanga anathyoka chala, aphunzitsi anandikodola, ndinalowa miyendo ili njenjenje, ndipo tinamwa zigoli zinayi. Anzanga sanandinene, koma ulendo wobwerera m'lole muja munali zii, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

N'chifukwa chake ndimapsa mtima anthu akamakamba za David Ayres ngati nthabwala. Pa 22 February 2020 ku Toronto, magoloboyi onse awiri a timu ya hoki ya Carolina Hurricanes, James Reimer ndi Petr Mrazek, anavulala. Panthawiyo mu NHL, ligi yaikulu ya hoki ya ku Canada ndi America, pa masewero aliwonse pankakhala munthu wodikira amene akanatha kuthandiza timu iliyonse mwa awiriwo. Ayres, bambo wa zaka 42 amene anamuika impso ya mayi ake mu 2004, anavala zida n'kulowa. Mashoti awiri oyamba analowa onse. Otsatira 8 anawatchinga, ndipo Carolina inapambana 6-3. Anthu amangoti "woyendetsa Zamboni", makina osalaza ayezi aja. Amaiwala kuti bamboyu anakhala zaka akutchinga mashoti a akatswiri a Toronto Marlies, timu ya ligi yocheperapo, pokonzekera. Sunali mwayi umenewo ayi, ndikukana.

Chimodzimodzi Scott Foster, wowerengera ndalama wa zaka 36, amene mu 2018 anachoka ku ofesi n'kukatchingira Chicago Blackhawks mashoti onse 7 a Winnipeg Jets, timu ya kwanu komweko. Iyeyu ankasewera ku koleji, ndipo sanasiye kusewera ndi anzake madzulo. Ngakhale kale mu 1928, mphunzitsi wa New York Rangers, Lester Patrick, analowa yekha pagolo ali ndi zaka 44 mu ndime yomaliza ya Stanley Cup, chikho chachikulu cha hoki, timu yake n'kupambana tsikulo.

Nanga mugule?

Vomerani, koma musayambe ndi zatsopano. Zotchinga miyendo ndi magolovesi gulani zakaunjika kapena bwerekani. Chipewa chokha ndi choteteza khosi musaumire, puck, kampira kafulati komwe amasewerera hoki, ndi yolimba ngati mwala. Ndipo auzeni anzanuwo kuti mukufuna muziima pagolo nthawi zonse akamakonzekera, asamangokukumbukirani wina akavulala.