Kwa achimwene a ku Ntcheu: njinga yamoto ndi mtengo wa inshuwalansi yake

Achimwene, mwafunsa ngati inshuwalansi ingakhale yofanana pa njinga zitatu mukuziganizirazo, Lifo ya 125, Boxer ya 150 ndi Honda XL 125. Mwati ndi yoyendera pakati pa Ntcheu boma ndi kumunda ku Tsangano, ndipo masiku amsika muzichitako kabaza pang'ono. Siyingafanane ayi. Komatu dzina lolembedwa pa thanki palokha silisintha zambiri. A inshuwalansi amayang'ana mtengo wa njingayo, kukula kwa injini, ntchito yomwe izigwira, ndiponso ngati mapepala ake ali olongosoka.

Inshuwalansi yomwe lamulo la pamsewu limakakamiza ndi third party. Imeneyi imalipira munthu wina yemwe mwamuvulaza kapena kumuwonongera katundu, mpaka pa malire omwe alembedwa mu polisi yanu, kutanthauza chikalata cha mgwirizano wanu ndi kampani ya inshuwalansi. Njinga yanuyo ikaphwanyika kapena kubedwa simulandira kalikonse. Pamwamba pake pali third party yophatikiza moto ndi kuba, kenako comprehensive yomwe imakonzanso njinga yanu ngakhale wolakwa mutakhala inuyo.

Pa third party, njinga zitatuzi sizitalikirana kwenikweni. Kampani sikuwerengera mtengo wa njinga yanu poti siyidzaikonza, ikungowerengera zomwe mungawononge kwa ena. Apa chimene chimasuntha mtengo ndi gulu lomwe akuikani: yoyendera nokha, yonyamula katundu, kapena yonyamula anthu olipira. Makampani ena amasiyanitsanso potengera ma cc (muyeso wa kukula kwa injini), ndiye ya 150 ikhoza kukwererapo pang'ono poyerekeza ndi ya 125, ina osasiyanitsa n'komwe.

Mukafika pa comprehensive mpamene mtundu wa njinga umaonekera. Amatenga mtengo wa njinga n'kuchulukitsa ndi maperesenti awo. Tingoyerekeza ndi manambala opeka kuti masamu ake amveke, si mitengo ya kampani iliyonse: ngati akulipiritsa 7 pa 100, njinga ya K2,000,000 ndi K140,000 pachaka, pomwe ya K8,000,000 ndi K560,000. Injini zonse ziwiri zikhoza kukhala za 125, koma winayo akulipira kanayi. Ndiye XL yanuyo idzadya inshuwalansi yambiri kuposa Lifo kamba ka mtengo wake basi, ngakhale mphamvu zake sizisiyana patali. Dziwaninso kuti makampani amakhala ndi ndalama yotsikitsitsa yomwe satsika pansi pake. Njinga ikakhala yotchipa kwambiri masamu a maperesenti aja sagwiranso, amangokutchulirani ndalama imeneyo, ndipo mumapezeka mukulipira gawo lalikulu la mtengo wa njingayo.

Tsopano pali chinthu chotchedwa excess, chomwe ambiri amachidziwira pa tsiku la ngozi. Ndi ndalama yomwe mumalipira nokha pa kuwonongeka kulikonse kampani isanaikepo yake. Taganizani mwaterereka pa matope mukutsika ku Tsangano mwezi wa February, njinga yagwera kumanzere. Chimathyoka n'chiyani? Chogwirira klatchi, galasi, indiketa, mwina popondera giya kupindika, nyali kung'aluka, thanki kubonyoka pang'ono. Pa Lifo kapena Sanlg zonsezi mumazipeza m'mashopu a masipeya pa Mphate kapena pa Lizulu, makaniko n'kumanga tsiku lomwelo, ndipo kawirikawiri ndalama yake siyifika n'komwe pa excess. Ndiye kuti comprehensive mwalipira ija siyinakuthandizeni. Pa XL, kugwa komweko kukhoza kufuna nyali ndi mapulasitiki enieni a Honda ochokera ku Lilongwe kapena ku Blantyre, mwinanso kudikira aitanitse kunja, ndipo ndalama yake imadutsa excess kutalitali. Choncho njinga yodula ndi yomwe comprehensive imaipindulira. Pa yotchipa, chimene mukugula kwenikweni ndi chitetezo cha kubedwa ndi ngozi yaikulu yoti njinga yatheratu.

Za kuba nazo zili ndi pake. Munthu angaganize kuti akuba amathamangira njinga yodula, koma yofala ndi imene imasowa msanga. Lifo, Sanlg, King Lion ndi Boxer zili paliponse, masipeya ake amalowana kapena amagulika mosavuta, ndipo usiku umodzi wokha njinga imasanduka mulu wa zitsulo zogulitsa. Kuno kwathu vuto limakula chifukwa malire ali pakhomo. Kuchokera ku Dedza kudutsa Lizulu mpaka Biriwiri, m'malo ambiri msewu wa M1 ndiwo malire enieniwo, kungowoloka tala muli ku Mozambique. A inshuwalansi zimenezi amazidziwa, n'chifukwa chake si kampani iliyonse yomwe imavomera comprehensive pa njinga zazing'onozi, makamaka zikakhala za kabaza. Ina imavomera koma excess ya kuba imakhala yokwera, kapena amafuna muike tracker, kachipangizo kosonyeza komwe njinga ili, kapena alembe kuti njinga izigona m'nyumba yokhoma. Akalemba choncho inu n'kumaisiya pakhonde, tsiku lobedwa adzakuwerengerani mzere umenewo.

Apa tifike pa kabaza uja, chifukwa mpamene anthu ambiri amagwera m'mbuna. Mukauza ejenti kuti njinga ndi yoyendera nokha amakupatsani mtengo wotsika. Lachitatu lina mwanyamula mayi ndi dengu lake la tomato, akulipirani, mwagundana ndi minibasi pa Kampepuza, mayiyo wathyoka mwendo. Lipoti la apolisi lilemba kuti munanyamula pasinjala wolipira. Kampani ikaona zimenezo imati njinga imagwira ntchito yomwe sinalembetsedwe, ndipo ili ndi chifukwa chokanira kukonza njinga yanu. Za mayi uja nazo zikhoza kukutsalirani pakhosi, chifukwa wokwera kumbuyo sikuti amangolowa yekha mu polisi iliyonse. Zoti mumangochita masiku amsika okha alibe nazo ntchito. Ngati kabaza alipo m'maganizo mwanu, ngakhale kawiri pa mwezi, nenani pachiyambi, ndipo funsani mwachindunji kuti, "Pasinjala wanga akavulala mulipira? Mpaka zingati?" Yankho lilembedwe pa pepala. Mtengo udzakwera ndithu, poti wakabaza amakhala pamsewu tsiku lonse ndipo wanyamula moyo wa munthu, koma bola kulipira zambiri pa inshuwalansi yogwira ntchito kusiyana n'kulipira zochepa pa chipepala chongoonetsa a trafiki.

Ngakhale mutalembetsa ya kabaza, njinga ndi ya anthu awiri, woyendetsa ndi wokwera mmodzi. Zonyamula atatu, kapena pasinjala pamwamba pa matumba awiri a mbatatesi, zimapatsa kampani pothawira. Chimodzimodzi kusintha njinga. Ambiri ku Tsangano amawotcherera kaliyala wamtali ndi kuwonjezera mashoko kumbuyo kuti azikweza matumba, ena injini ikatha amangoikamo ina ya 150 pa fulemu ya 125. Mukasintha injini nambala yake siyigwirizananso ndi yomwe ili pa blue book ndi pa polisi. Kadziwitseni a Road Traffic ndi a inshuwalansi, apo ayi pa tsiku la ngozi adzati njinga yomwe anailembetsa si imeneyi.

Pa Boxer pali kanthu kena komwe simunafunse koma kakukhudzani. Laisensi ya njinga yamoto ili pawiri: A1 ndi ya njinga zosapitirira 125cc, A ndi ya zopitirira pamenepo. Boxer yolembedwa 150 injini yake ndi pafupifupi 145cc, ndiye yadutsa kale malire a A1. Mukhale ndi A. Laisensi ya galimoto siyilowa m'malo mwa ya njinga. Polisi iliyonse imanena kuti woyendetsa akhale ndi laisensi yoyenera, ndipo izi zikukhudzanso mnyamata yemwe mungamupatse njingayo kuti azikubweretserani ndalama madzulo. Ena amalemba dzina la woyendetsa mmodzi, ena amalola aliyense walaisensi koma mtengo umakwera, ndipo woyendetsa akakhala wachichepere kapena laisensi yake ikakhala yatsopano amawonjezera excess.

Mwina pokufunsafunsa mitengo mwamva kale kuti tsidya linalo, ku Ulongwe wa ku Angonia kapena m'misika ya m'malire, njinga yomweyo ndi yotsikirapo. N'zoona kuti zambiri zomwe zikuyenda m'midzi mwathumu zinadzera kumeneko. Koma njinga yomwe sinalipiridwe msonkho ku MRA simungailembetse ku Road Traffic, yopanda kulembetsa ilibe nambala, blue book kapena COF (chiphaso choti njinga ili bwino kuyenda pamsewu), ndipo popanda zimenezi inshuwalansi yeniyeni palibe. Ngakhale wina atakulemberani pepala, njinga ikabedwa kampani imafuna lipoti la apolisi, makiyi ndi umboni woti inali yanu. Lisiti yolembedwa pamanja pa msika siyikufikitsani patali. Powerengera kutchipa kwakeko onjezanipo msonkho, kulembetsa ndi maulendo opita ku ofesi, mudzaona kuti kusiyana kuja kwachepa. Kulikonse mungagule, gwadani muone manambala nokha. Ya chasisi imadindidwa pakhosi pa fulemu, pansi pa mahandulo pomwe foloko imalowera. Ya injini kawirikawiri ili kumanzere chapansi, pafupi ndi popondera giya. Pukutani ndi kansalu, yerekezani chilembo ndi chilembo ndi zomwe zili pa mapepala. Mukaona pamalopo pakuoneka ngati panapalidwa ndi gulayinda, kapena penti yake ndi yachilendo, isiyeni.

Poti Tsangano ali pamalire penipeni, funsaninso kuti polisi yanu imathera pati. Zambiri zimagwira ntchito m'Malawi mokha muno pokhapokha mutapempha kuti awonjezere. Yellow Card ya COMESA, inshuwalansi ya third party yomwe anthu amayendera ku Zambia kapena ku Tanzania siyigwira ku Mozambique, kumeneko mumagula third party yawo polowa.

China chomwe chimapweteka eni njinga zodula ndi mtengo womwe analembetsa. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo njinga ndi masipeya, poti zonse n'zochokera kunja, zinakwera nazo. Munthu amangopitiriza polisi chaka ndi chaka pa mtengo wakale kuti alipire zochepa. Tiyerekezenso: njinga pano ikugulika K4,000,000 koma inu munalembetsa K2,000,000, yawonongeka zofuna K600,000. Makampani ambiri amati munateteza theka lokha, ndiye alipira theka, K300,000, n'kuchotsaponso excess. Kukweza mtengo mopyola nakonso n'kutaya ndalama, chifukwa njinga ikatheratu amalipira mtengo wake wa pamsika pa tsikulo. Chaka chilichonse funsani mtengo kwa ogulitsa musanakonzenso polisi.

Njinga zikuluzikulu za 600cc kupita m'tsogolo sizikukukhudzani, ndingoti inshuwalansi yake ndi ina ndithu: liwiro ndi lalikulu, ndipo mapulasitiki okha akasweka amachita kuitanitsa ku South Africa. Zamatayala atatu zonyamula katundu amaziika m'gulu la zamalonda. Yamagetsi mukaiganizira, funsani kaye kuti batire ndi lanu kapena ndi la kampani yosinthitsa, poti ndilo gawo lodula kwambiri ndipo liyenera kutchulidwa mu polisi.

Kuona kwanga pa zitatu zanuzo n'kotere. Ngati kabaza ndi matumba a mbatatesi ndi gawo la ntchito yake, Boxer ikukwanirani, bola laisensi ikhale A ndipo polisi itchule za pasinjala wolipira. Ngati ndalama ndi zochepa, Lifo yamapepala onse pa third party yolembetsedwa moona, muwonjezerepo ya kuba ngati kampani ivomera, loko wabwino wa pa tayala, ndi kandalama kapadera ka masipeya. XL ndi njinga yolimba pa misewu yafumbi, n'chifukwa chake mabungwe ndi alangizi amaikonda, koma musaigule ngati mukudziwa kuti comprehensive yake chaka chilichonse ikulemerani. Kuyendetsa njinga ya mtengo umenewo pa third party yokha n'kuika ndalama zonsezo pa mwayi.

Musanapereke ndalama kwa wogulitsa, mupempheni kotesheni ya njinga iliyonse yosonyeza mtundu, ma cc ndi mtengo. Pitani nazo ku makampani atatu kapena kwa broker mmodzi yemwe angakufunsireni konse. Alipo monga NICO General, General Alliance, Britam, Reunion ndi Prime, ndipo onse amayang'aniridwa ndi Reserve Bank, komwenso mungakadandaule mukasemphana. Kulikonse nenani zofanana: mumakhala kuti, njinga izigona pati, aziyendetsa ndani, izinyamula chiyani. Akupatseni mtengo wa third party ndi wa comprehensive pa njinga iliyonse, misonkho yonse ili momwemo, excess ya ngozi ndi ya kuba payokhapayokha, malire a zomwe amalipira munthu wovulala ndi katundu wake, komanso masiku omwe muyenera kuwadziwitsa ngozi ikachitika. Mukalipira kwa ejenti, tengani lisiti ya kampani ndipo imbani ku ofesi yawo mutsimikize kuti nambala ya polisi yanu ilimo m'mabuku mwawo, chifukwa ziphaso zabodza za inshuwalansi zimagulitsidwa ndithu ndipo maonekedwe ake sasiyana ndi zenizeni.