Musanaike OpenWrt, itembenuzeni kaye rautayo muwerenge pansi pake

Achimwene, mwafunsa ngati rauta yotchipa ingalandire OpenWrt, ngati intaneti ingayambe kuthamanga mukaiika, komanso ngati rautayo singakufereni m'manja. Ndiyambe ndi funso lachiwirilo, poti ndi pamene ambiri amakhumudwira. Liwiro limene mumalipira kukampani ya intaneti silisintha ayi. Chosintha n'chakuti rautayo imayamba kumvera inuyo, osati amene anaipanga.

OpenWrt ndi pulogalamu yoyendetsa rauta imene imalowa m'malo mwa yobwera nayo. Ndi Linux, pulogalamu yoyendetsa makompyuta, yochepetsedwa kuti ikwane m'kabokosi ngati kameneko. Inayamba mu 2004, anthu atatulukira kuti rauta ya Linksys yotchedwa WRT54G inkayendera Linux, ndipo kampaniyo inayenera kuika poyera zolemba za pulogalamu yake monga laisensi ya GPL imalamulira. Zilembo za Wrt zija zinachokera pamenepo.

Koma nkhani yonse yagona pa kapepala komatidwa pansi pa rauta yanu. Dzina la model palokha silikwanira, muonenso version, kaja kolembedwa v2, v4 kapena v5. Opanga amasintha zam'kati koma dzina lakunja n'kulisiya lomwelo, moti Archer C7 ya TP-Link ya v2 ndi ya v5 iliyonse ili ndi fayilo yakeyake. Mukawerenga, kafufuzeni pa Table of Hardware, mndandanda wa marauta oilandira, pa webusayiti ya OpenWrt. Ikapanda kupezeka pamenepo, isiyeni mmene ilili, musaikakamize.

Ikapezeka, yang'anani manambala awiri: flash, momwe pulogalamu imasungidwa, ndi RAM, momwe imagwirira ntchito rauta ikayaka. Marauta akale a 4MB ya flash ndi 32MB ya RAM, monga TL-WR841N ambiri, anasiyidwa pa version 19.07 ya OpenWrt. Ena amaikabe yakaleyo, koma ine sindingakulimbikitseni, chifukwa siilandiranso zokonza za chitetezo, ndiye mwapindulanji? Ya 8MB ndi 64MB imayenda koma mopanikizika, mukangoonjezera mapulogalamu awiri atatu malo atha. Ngati simunagule, funani ya 16MB ndi 128MB kupita m'mwamba. Muonenso chip ya WiFi. Za MediaTek ndi za Qualcomm Atheros zimagwirizana bwino ndi OpenWrt. Za Broadcom ndiye mutu, chifukwa madiraiva ake, mapulogalamu oyendetsa chipyo, si otseguka, mutha kuika bwinobwino n'kupeza kuti WiFi yafooka kapena palibiretu.

Kuikako sikovuta. Pali mafayilo awiri ofanana maina: ya factory ndi ya ulendo woyamba, pochoka pa pulogalamu yobwera ndi rauta, pomwe ya sysupgrade ndi yokwezera mtsogolo OpenWrt ili kale mkati. Lumikizani kompyuta ndi chingwe, osati pa WiFi, ndipo ikayamba kulemba musaikhudze, musazule magetsi ngakhale ikuoneka ngati yauma. Marauta ena salola fayilo yachilendo kudzera patsamba lawo, amafuna njira zina, choncho werengani tsamba la model yanuyo mpaka kumapeto musanadine chilichonse.

Ineyo ndinaphunzira movutika. Ndinatenga fayilo ya version ina poganiza kuti kusiyana kwa nambala imodzi si kanthu, rauta n'kungotsala kuthwanimathwanima usiku wonse. Inadzuka kudzera pa TFTP, njira yokankhira fayilo yoyenera kuchokera pa kompyuta pamene rauta ikungoyaka kumene. Si onse ali ndi khomo limeneli, n'chifukwa chake muyambe mwadziwa njira yodzutsira yanuyo, ndipo fayilo ya pulogalamu yoyambirira muisungiretu pa kompyuta.

Ikatha kulemba musadzidzimuke poona kuti WiFi yasowa. OpenWrt imadzuka WiFi ili yozima dala. Pitani pa 192.168.1.1 muli pachingwe pomwepo, mupeza tsamba lotchedwa LuCI. Ikani pasiwedi poyamba penipeni, poti imabwera yopanda, kenako sankhani dziko lanu pa zoikamo za WiFi, muyatse. Mukadzasokoneza zinthu mpaka kudzitsekera kunja, pali failsafe: poyatsa, kagetsi kakayamba kuthwanima, dinani batani, mutha kulowanso n'kufufuta zonse.

Chimene ine ndimaikondera kwambiri OpenWrt ndi SQM, pulogalamu yoyendetsa mzere wa deta. Mukudziwa muja wina akayamba kutumiza mavidiyo, foni ya pa WhatsApp ya wina aliyense m'nyumbamo n'kuyamba kudukaduka? Chimachitika n'chakuti deta imaunjikana pamzere wautali, mawu anu n'kumadikira kumbuyo kwa vidiyo ya mnzanu. SQM imagawa mzerewo mwachilungamo. Mumaiuza liwiro lotsikirapo pang'ono pa limene mumalandira, ndipo ngakhale nambala yatsika, intaneti imamveka yopepuka. Kungoti imalemetsa purosesa, rauta yotchipa imatha kupereŵera ngati laini yanu ndi yothamanga kwambiri. Zina monga netiweki ya alendo, kutseka zotsatsa malonda ndi WireGuard, pulogalamu ya VPN yolumikizirana mobisa, ziliponso, malinga malo akhalepo.

Ngati rautayo ndi imodzi yokhayo m'nyumba, kapena ndi ya kampani ya intaneti yomwe anangokubwerekani, musayesererepo. Jambulani kapepala kapansi kaja, mubise pasiwedi ndi serial, munditumizire tione ngati ilipo pamndandanda.