Labu yanu yoyamba siifuna gulu la ophunzira

Mayi wina amene wangomaliza PhD ya sayansi ya maselo wandilembera kuti tulo sakutiona. Yunivesite yawapatsa chipinda ndi ndalama za zaka ziwiri kuti atsegule labu yawoyawo. Ophunzira asanu ndi mmodzi akugogoda kale pakhomo, makina amene akuwasirira angameze theka la ndalamazo, ndipo bambo awo alengeza kale kwa achibale kuti mwana wawo watsala pang'ono kupeza mankhwala a khansa.

Makalata otere sandisowa. Mayi, bambo anuwo akhazikeni pansi mwaulemu, muwauze adekhe. Mankhwala atsopano amatenga zaka 10 kapena kuposerapo kuti achoke mu labu n'kufika kwa wodwala, ndipo ambiri amathera panjira. M'zaka ziwirizi mukatulutsa pepala limodzi lomveka la zotsatira za kafukufuku wanu, mwagwira ntchito.

Za makinawo, ugwireni mtima. Bwerekani a dipatimenti, muzilembetsa nthawi ngati anzanu. Wasayansi wotchuka Marie Curie ankagwirira ntchito m'chishedi chodontha ku Paris, ndipo mu 1902, atasefa matani a miyala, anangopeza gawo limodzi mwa magawo 10 a galamu ya radium chloride, mchere wa chitsulo cha radium chimene ankafufuza. Ndalamazo lembani nazo technician, wothandiza pa zipangizo za mu labu, wodziwa ntchito.

Koma pamene ndikufuna mumvetsetse ndi pa ophunzira. Tengani mmodzi, akachuluka awiri. Miyezi yoyamba muzikhala naye pa benchi, muzimuona mmene akugwirira pipette, kachida koyezera timadzi, osangomutumizira mauthenga muli mu ofesi. Kope lake la labu muzilitsegula nokha sabata iliyonse: tsiku, zimene wasakaniza, kuchuluka kwake, ngakhale zimene zakanika. Makamaka zimene zakanikazo. Wophunzira woopa kukuuzani kuti maselo afa, tsiku lina adzakubweretserani manambala ophika.

Ndipo amene wayamba kujomba msonkhano wa sabata, n'kumati "ndikuwerengabe", musamulekerere mpaka chaka chithe. Ophunzira otere amanditopetsa, koma kawirikawiri si ulesi, amakhala atasochera ndipo akuchita manyazi kufunsa. Muitaneni, mum'patse kantchito kamodzi koti amalize pofika Lachisanu. Nkhani yoti dzina la ndani lidzayambe papepala la kafukufuku nayo mugwirizane ntchito isanayambe, chifukwa imadanitsa anthu.

Kodi mukwanitsa? Mwina. Kalata yanu yafunsa zambiri za ophunzira kuposa za makina, ndiye sindikukuderani nkhawa kwenikweni. Ophunzira otsalawo muwayankhe kuti adzayesenso chaka chamawa.