Sopo wamtanda pa mabanga a zovala ndi zidzolo zochokera ku zomera

Achemwali, mwafunsa ngati sopo wamtanda wochapira uja amachotsadi mabanga okanika pa zovala, komanso ngati angathandize amuna anu amene atuluka zidzolo m'mikono atalambula thengo. Ntchito ya sopo ameneyu ndi imodzi: amagwira mafuta kuti achoke ndi madzi. Vuto likakhala la mafuta amathandiza ndithu. Likakhala lina, mudzafikisa mpaka zala zitasupuka koma osaphula kanthu.

Tiyambe ndi khungu. Zomera monga poison ivy ndi poison oak za ku North America zili ndi mafuta oyambitsa zidzolo otchedwa urushiol, ndipo mafuta ofanana nawo amapezekanso mu utomoni wa mtengo wa mango. N'chifukwa chake sopo wochapira wa Fels-Naptha, amene anayamba kupangidwa ku Philadelphia m'zaka za m'ma 1890, anatchuka pa nkhani ya zidzolo. Komatu palibe mankhwala apadera m'menemo. Sopo aliyense wochotsa mafuta, ngakhale wotsukira mbale, amachita zomwezo. Chachikulu ndi changu. Mafutawa amayamba kulowerera pakhungu m'mphindi zochepa chabe, choncho kusamba m'mphindi 10 zoyambirira kumapulumutsa kwambiri. Ola likatha, ambiri amakhala atalowa kale, ngakhale kusambabe n'kofunika kuti otsalawo asafalikire pena.

Nyowetsani malowo ndi madzi ozizira oyenderera, osati a m'beseni, chifukwa mafuta amayandama n'kukamatira pena. Pakani sopo pakansalu, pukutani nako molimbikirako koma osati mpaka kusupula, tsukuluzani, n'kubwereza katatu. Kansaluko n'kofunika kuposa mmene anthu amaganizira: urushiol amamata ngati girisi wa galimoto, moti thovu lokha silimusuntha. Musaiwale m'zikhadabo, pakati pa zala ndi pansi pa wotchi kapena mphete. Kenako chapani zovala zimene anavala pazokha, ndipo mutsuke chikwanje, mpini wa khasu, magolovesi ndi nsapato. Mafutawa amakhalabe ndi mphamvu pa zida kwa miyezi yambiri, mwinanso zaka, ndipo ambiri amene amadandaula kuti zidzolo zikungobwerera amakhala akugwiranso chida chomwecho.

Koma poti zidzolo zatuluka kale, sopo wamtandayo muikeni kaye pambali. Zidzolo zoterezi zimaonekera pakatha maola 12 mpaka 72, ndipo pofika nthawi imeneyo palibenso mafuta oti achoke, ndi thupi lomwe likulimbana nawo. Sopo wochapira ndi waukali: pH yake, womwe ndi muyeso wa ukaliwo, imafika pa 10 kapena kupitirira, pomwe ya khungu imakhala cha pa 5. Ena amapaka thovu n'kulisiya kuti liume pamatuza, ati kuti aphwe msanga. Musatero. Khungu limauma, kung'aluka, ndipo tizilombo timapeza polowera. Ikani nsalu yonyowa ndi madzi ozizira kwa mphindi 15 mpaka 20 kangapo patsiku, pakani mankhwala ochepetsa kuyabwa a calamine kapena hydrocortisone wa 1%, ndipo matuzawo musawaboole. Madzi a m'matuza safalitsa zidzolo. Zimatha zokha pakati pa sabata imodzi ndi masabata atatu. Akatupa kumaso, m'maso kapena kumaliseche, akatentha thupi, pakayamba mafinya, kapena akamabanika popuma, apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Dziwaninso chomera chimene anakhudza. Chitedze chimayabwa nthawi yomweyo chifukwa cha timaubweya tolasa, ndipo kukhula ndi sopo kumangotilowetsa mkati. Yambani mwamata selotepi n'kumatula kangapo, kusamba kubwere pambuyo. Utomoni woyera wa nkhadze umachoka ndi sopo pakhungu, koma ukagwera m'diso ndi madzi okhaokha kwa mphindi zosachepera 15, kenako kuchipatala.

Pa zovala, sopoyu amachita bwino pa litsiro la m'kolala ndi m'mikono ya malaya, mafuta ophikira, girisi ndi zodzoladzola. Tembenuzani chovalacho, yalani thaulo lakale pansi pa banga, nyowetsani ndi madzi ofunda, ndipo pakani sopo mpaka malowo atayera mbee ngati mwapaka choko. Kupakira kunsi kumakankhira litsiro kunja m'malo molilowetsa mu ulusi. Dikirani mphindi 10 mpaka 15 osalola kuti paume, kenako fikisani kapena kwechani ndi mswachi wakale kuyambira m'mphepete kulowera pakati kuti banga lisakule. Girisi wakale amafuna maulendo awiri kapena atatu. Nsalu yamtundu yesani kaye mkati mwa mpendero.

Magazi amafuna madzi ozizira basi. Madzi otentha amawaphika n'kuwamatiriza mu ulusi, ndiye sopo sangathenso kanthu. Mabanga a tiyi, khofi, vinyo ndi madzi a zipatso ndi amene amapusitsa anthu ambiri, chifukwa sopo wamtanda amawalimbitsa m'malo mowachotsa. Atsukuluzeni ndi madzi ambiri n'kuchapa ndi sopo waufa kapena wamadzi. Dzimbiri silimva sopo, limafuna asidi monga madzi a mandimu. Ubweya wa nkhosa ndi silika musazipake n'komwe, ukali wa sopoyu umadya ulusi wake.

Ngati madzi anu savuta kutulutsa thovu, muli bwino. Koma akakhala aja oti sopo amangosanduka timatope totuwa toyandama, ndiye kuti ali ndi michere ya calcium ndi magnesium yambiri, ndipo timatopeto ndi timene timathimbiritsa zovala zoyera n'kuziumitsa gwa. Thirani supuni imodzi yaikulu ya washing soda (soda yochapira, osati yophikira) m'malita 10 a madzi musanaike sopo, ndipo mutsukuluze kawiri. Pa chifukwa chomwechi, sopo wamtanda wopala si woyenera kuthira m'makina ochapira, amasiya zotsalira m'mapaipi.

Chovala chikauma, chiyang'aneni poyera musanasite. Banga la mafuta limabisala nsalu ikakhala yonyowa, ndipo mukalidutsitsa ayironi limakhazikika. Likaoneka ngakhale pang'ono, nyowetsani n'kupakanso sopo.