Kwa mayi a ku Salima amene ng'ombe yawo sikutenga bere

Mayi, mwati ng'ombe yanu ya mkaka inakweredwa mu Okutobala, yakweredwanso mwezi uno, koma yayambanso kufuna nkhunzi, ndiye mukuganiza zongoigulitsa kwa ophera nyama. Chonde musafulumire. Ine ndikukayikira dzuwa lathuli, osati ng'ombeyo ayi.

Dzira la ng'ombe limakhwimira m'kathumba kamadzi m'kati mwakemo. Thupi la ng'ombe yabwinobwino limakhala pa madigiri 38.5, koma dzira likatsala pang'ono kutuluka, kathumbako kamazizirirapo ndi digiri imodzi kapena kupitirira pang'ono. Oyeza ng'ombe za mkaka anapeza kuti kathumbaka kakapanda kuzizira, kawirikawiri dzira silituluka. Tsono taionani yanuyo masana: ili wefuwefu, dovu chuchuchu, thupi lafika madigiri 40. Kathumbako kazizira bwanji? Nkhunzi ikwera ndithu, koma dzira palibe, kapena latuluka lofooka. Chowawa n'chakuti dzira limatenga miyezi likukula, motero vutoli limapitirira ngakhale mvula itagwa. Ng'ombe zathu za linunda zimapirira. Zimene zimazunzika kunyanja kuno ndi za Friesian ndi makolosi ake.

Yambani ndi khola. Denga la malata lotsika limaiwotcha, folerani ndi udzu, m'mbali musatseke kuti mphepo izipita. Madzi asamathe m'chomwera, poti yokamidwa imatha kumwa malita 100 patsiku kukatentha. Masana muziithira madzi pamsana, ndipo nsenjere ndi madeya muziipatsa m'mamawa ndi madzulo, nthawi imene imadya bwino.

Kwinanso anthu timaphonya nthawi. Ng'ombe imafuna nkhunzi pakapita masiku 21, ndipo nyengo yotentha zizindikiro zimakhala zosachedwa kutha, zambiri zimaoneka usiku. Muzilawirira ku khola kusanache. Mukaona chikazi choyera chotamuka, iyo n'kumaima duu inzake ikaikwera, mwapeza. Ngati mumaitana alangizi odzaika umuna, mukaona m'mawa abwere madzulo, mukaona madzulo abwere m'mawa mwake, chifukwa dzira limatuluka patapita maola ngati 12 zizindikiro zitatha.

Nkhunzinso musaiiwale, nayo umuna wake umafooka ndi kutentha. Ng'ombe yanuyo ikabwereza kufuna nkhunzi kachitatu, alangizi a ziweto adzaione chiberekero, ayezenso magazi, makamaka ngati inachokera cha ku Nkhotakota kufupi ndi nkhalango kumene kuli kashembe, ntchentche zofalitsa matenda ku ng'ombe.