Kodi Ndipopere Mankhwala M'munda wa Maluwa Mvula Ikagwa?

Mmodzi wa owerenga wanditumizira imelo yonena kuti mvula itagwa pakati pa nyengo yotenthayi, m'munda wake wa maluwa mwadzaza nkhono, nyongolotsi ndi tizilombo touluka, pamene njuchi zasowa, ndipo akufunsa ngati apopere mankhwala.

Musapopere ayi, chifukwa zambiri mwa zolengedwazi zinalimo kale m'mundamo, mvula yangozitulutsa poyera. Nyongolotsi zimapuma kudzera pakhungu lonyowa, choncho nthaka ikakhala youma sizingayende pamtunda, koma ikanyowa zimatuluka, ndipo timauna timene zimaboola ndi timene timalowetsa madzi ndi mpweya ku mizu ya maluwa anu. Njuchi nazo sizinathawe. Zimabisala mvula ikamagwa, komanso madzi a mvula amasungunula timadzi totsekemera ta m'maluwa ndi kunyowetsa mungu, motero zimabwerera maluwa akauma. Mukapopera tsopano, mankhwalawo adzapha njuchi zomwezo pamodzi ndi akangaude ndi atombolombo, amene amadya tizilombo towononga. Agulugufe amene mukuwaona ataunjikana pamatope, ambiri mwa iwo aamuna, akuyamwa mchere wa m'dothi, ndipo ine ndimaona kuti ndi bwino kuwasiyira kamalo konyowako.

Nkhono zokha ndi zimene zingakuvutitseni, popeza zimadya masamba anthete usiku, makamaka a mbande. Zitoleni ndi manja madzulo kapena m'mawa kwambiri, ndipo achule musawathamangitse, chifukwa amadya tinkhono ting'onoting'ono ndi tizilombo tina tambiri.

Chimene simunafunse, koma chofunika kuposa zonse, ndi madzi odikha. Kunja kukatentha, udzudzu umatha kukula kuchokera pa dzira kufika pouluka m'masiku 7 mpaka 10 okha, ndipo madzi ochepa a m'chitini, m'tayala lakale kapena m'mbale ya pansi pa mphika wa maluwa ndi okwanira kuti uswane. Khuthulani zonsezi kamodzi pa sabata, ndipo madzi omwera mbalame muziwasintha pafupipafupi.

Ngati muli ndi maluwa a rozi, yang'ananinso madontho akuda pamasamba. Matendawa amafalikira ndi madzi othovukira kuchokera pa tsamba lodwala, makamaka masamba akakhala onyowa kwa maola angapo, choncho thyolani masamba odwalawo, sesani amene agwa pansi, ndipo pothirira muzithira madzi patsinde osati pamasamba.